Kaphokoso ka Leaf kandikwana, ndidule waya?

Bambo a Tada: Mwaswera bwanji akuluakulu. Funso langa likupita kwa amene muli ndi galimoto zamagetsi. Ndinaitanitsa Nissan Leaf ya 2021 ku Japan, yalowa mwezi watha kudzera ku Dar. Galimotoyo payokha sindikuidandaula, mizere ya mafuta ndimangoidutsa ndikuimba mluzu. Chandikwana ndi kaphokoso kake. Ndikamayenda pang'onopang'ono imang'ung'udza, ndikaika rivesi ndiye imachita kulira ngati belu la pa sukulu. Ndimanyamuka 4:30 m'mawa kupita ku Kanengo, ndipo windo la kuchipinda kwa alandilodi lili pomwe ndimaimikapo. Lero amayi a panyumba andipatsa moni wa mano okhaokha. Mwana wathunso akumadzuka nthawi yomweyo, ndiye mayi ake mukudziwa kale nkhope yake. Batani lozimitsira ndalisaka paliponse, palibe. Alipo amene anazimitsapo?

Kondwani: Kkkkk mavuto a anthu olemera. Ife tikugona pa filling station, inu mukulira ndi belu.

Dalitso: Batani lilipo achimwene, yang'anani kumanja kwa chiwongolero, mmunsi, pamene pali timabatani tambiri paja. Yanga ndi ya 2013, ndimangodina kamodzi basi ziii. Chovuta n'chakuti ukazimitsa galimoto n'kuilizanso, phokoso limabwerera, ndiye umadinanso.

Bambo a Tada: Ndayang'ana pomwepo aDalitso. Pali ka pulasitiki chabe kotseka bowo.

Gift wa ku Biwi: Musavutike kusaka bwana, pa yanuyo mulibe. Za kale zinali ndi batani, zatsopano anachotsa. Ku Japan analetsa batani limeneli, kuyambira 2018 pa mitundu yatsopano ya galimoto, ndipo pofika October 2020 pa zonse zotuluka mu fakitale. Ndiye ya 2021 yabadwa kale lamulo litagwira. Kasipika kake kali kutsogolo, kuseli kwa bampala. Kuzula waya ndi ntchito ya mphindi khumi, koma dziwani kuti kompyuta ya galimoto imazindikira, pa dashibodi pamayaka nyali. Ena amachita zoinamiza kompyutayo. Ine ntchito imeneyo ndinasiya kugwira.

Kondwani: Gift kukana ndalama? Dziko latha.

Gift wa ku Biwi: Ndinazimitsirapo kasitomala wina pa Toyota Aqua, ya hybrid yoyendera injini ndi batire. Tsiku lomwelo akutulutsa pa galaja anatsala pang'ono kuponda mnyamata wanga amene anagona pansi pa galimoto ina, miyendo ili panja. Mnyamatayo amamva injini iliyonse ikamabwera, wakulira pa galaja, koma iyi sanaimve. Anangoona tayala lili pa bondo. Kuyambira pamenepo ndinati ayi, ndalama zinazi zikhale.

Madalitso K: Koma tinene zoona, kaphokoso kameneka kuno n'kopanda ntchito. Anakapangira ku Tokyo ndi ku Oslo kumene anthu amayenda mwakachetechete. Pitani pa Bwalo la Njobvu 5 koloko madzulo, oitanira minibasi akukuwa, hutala mbali zonse, sipika ya ogulitsa mafoni ili pamwamba, m'busa akulalikira pa chimkuzamawu. Ndani angamve ka "wiiii" kameneko? Ine ndimati zulani. Maso muli nawo, hutala muli nayo.

Dalitso: Komanso misewu yathu ya fumbi matayala okha amalira mokwanira. Ku 25 ndikamalowa kwathu miyala imachita kuthetheka, agalu amayamba kuuwa ndisanakhote.

Mai Nabanda: Pa fumbi la miyala mwina. Nanga pa simenti ya pakhomo? Ine ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso angawa, osati zomva. Mlamu wanga ali ndi Prius yakale ya hybrid, ilibe kaphokoso kalikonse. Tsiku lina tili ku 49 pa chinkhoswe cha mwana wa achemwali, iye anati asunthe galimoto kuti alendo apeze malo. Kamdzukulu kanga ka zaka ziwiri kanali kanjuta kuseli kwa galimoto kakutola zitsekerero za mabotolo. Ife tonse tili pakhonde, mamita asanu okha, palibe anamva kuti galimoto yalira. Tinangoona ikuyenda. Amene anakuwa ndi mtsikana amene ankatsuka mbale, ndipo mlamu anaponda buleki bampala itagunda kale kachipewa ka mwana. Mpaka lero ndikaiona galimoto imene ija m'mimba mumanditentha. Ndiye Bambo a Tada, inu muli ndi mwana woyamba kuyenda pakhomo, mukufuna kuchotsa chinthu chokhacho chimene chingauze mayi ake kuti galimoto yayamba kusuntha?

Bambo a Tada: Amayi, nthawi imene ndimanyamuka mwana amakhala ali m'nyumba. Komanso ili ndi kamera ya kumbuyo.

Mai Nabanda: Waya mukazula mwazula, sadziwa kuti ino ndi 4:30 kapena ndi Loweruka masana.

Madalitso K: Nanga njinga za kabaza zija zopalasa, zili ndi sipika? Zimadutsa mwakachetechete tsiku lonse, palibe amene akuti tiziike belu lolira lokha.

Gift wa ku Biwi: Njinga ndi munthu wake sizifika makilogalamu 100 achimwene. Leaf ndi tani imodzi ndi theka. Ikakukankhani ngakhale pa liwiro la munthu woyenda, mwendo suwerenga kuti inali pang'onopang'ono.

Chisomo (Leeds): Ndalowa mochedwa, ndinali ku ntchito usiku. Kuno nkhaniyi inatha kalekale. Chipangizochi amachitcha AVAS. Ku Ulaya lamulo linayamba pa 1 July 2019 kwa mitundu yatsopano, ndipo kuyambira July 2021 galimoto iliyonse yatsopano yamagetsi kapena ya hybrid imayenera kukhala nacho. Chimayenera kulira kuyambira poyambira mpaka makilomita 20 pa ola, komanso pobwerera m'mbuyo. Ku America anaika mpaka 30. Chifukwa chake n'chosavuta: ukadutsa liwiro limenelo, matayala ndi mphepo zimapanga phokoso lokwanira, galimoto yamagetsi ndi ya petulo zimamveka pafupifupi mofanana. Vuto lili pansi pa liwiro limenelo, pokhota, potuluka pageti, pamalo oimikapo magalimoto. Ndipo si phokoso lalikulu ayi, lamulo limafuna ma decibel 56 pa liwiro la 20, osapitirira 75. 56 ndi ngati anthu awiri akucheza pabalaza.

Kondwani: Asisi abwera ndi manotsi kkkk

Chisomo (Leeds): Ndisanagone ndionjezere chimodzi. Mu 2024 akatswiri a ku London School of Hygiene and Tropical Medicine anatulutsa kafukufuku wa ngozi za ku Britain za pakati pa 2013 ndi 2017, nthawi imene lamuloli kunalibe. Anapeza kuti pa mtunda wofanana, woyenda pansi amagundidwa mowirikiza kawiri ndi galimoto yamagetsi kapena hybrid poyerekeza ndi ya petulo kapena dizilo, ndipo m'matauni katatu. Onani bwino pamenepo aMadalitso: m'tauni, mmene muli phokoso, ndi mmene kusiyana kunakula. Phokoso la tauni si chifukwa chochotsera, ndi chifukwa chosiyira.

Madalitso K: Kapena ndi chifukwa chakuti oyendetsa zamagetsi ndi anyamata othamanga. Manambala amanena zimene ukufuna.

Chisomo (Leeds): Zaka za oyendetsa zingathandizire, inde. Koma a ku America anapezanso zofanana mu 2009 pa ma hybrid, ndipo kusiyanako kunaoneka pokhota, poima ndi pobwerera m'mbuyo. Mnyamata wothamanga sathamanga pa rivesi.

Admin aPhiri: Amene mwaponya chithunzi cha matayala ogulitsa pakati pa nkhani, ndachotsa. Malonda ndi Lachisanu. Pitirizani.

aMwale: Ndakhala ndikumvetsera kuyambira m'mawa. Ndikuti kumvetsera chifukwa foni ndi imene imandiwerengera mauthenga anu, ena mukudziwa kale kuti ine sindiona. Ndili pagulu lino chifukwa galimoto ya pakhomo amayendetsa ndi mayi a kunyumba, koma makaniko amakambirana ndi ine. Ndiloleni ndifotokoze mmene ndimawolokera msewu, mwina aMadalitso aona pamene pali kusiyana.

Ndikafika m'mphepete mwa msewu, ndodo yanga yoyera imandiuza pamene phula layambira. Kupitirira apo ndodo ilibenso mawu, zotsalazo ndi za makutu. Ndimaima n'kupendeketsa mutu. Minibasi ndimaidziwa, lole ndimaidziwa, njinga yamoto ndimaimva ili kutali. Sindimva chabe kuti kuli galimoto, ndimamva kumene ikuchokera, ngati ikuwonjezera moto kapena ikuchepetsa, ngati yaima kundidikira. Injini ikamalira pamalo amodzi ndimadziwa kuti dalaivala wandiona. Kukakhala bata ndimadziwa kuti mpata ndi wanga. Moyo wanga wonse bata limatanthauza kuti woloka. Tsopano kwabwera galimoto zimene zimayenda mkati mwa bata limenelo.

Mukuti pa Bwalo la Njobvu sindingakamve. Mwina n'zoona. Koma pamene paja sindiwoloka ndekha, pali anthu ambiri, ndimagwira mkono wa munthu, ndipo galimoto zimayenda mothithikana. Malo amene ndimaopa ndi ena: potulukira pa filling station, pa geti la ofesi ku City Centre, poimika magalimoto pa Gateway Mall, timisewu ta phula ta ku 47 Lamlungu masana. Malo a phee, amene ndimakhulupirira makutu anga n'kuyenda ndekha. Chaka chatha pa malo ena oimikapo magalimoto ndodo yanga inalowa pansi pa tayala la galimoto imene inkabwerera m'mbuyo. Inathyoka pakati. Mayi amene ankayendetsa anatuluka akunjenjemera, akuti sanandione, ndinali pakona pamene galasi silifika. Ine sindinawamve, iwo sanandione. Ndodo ija inali yochokera kunja, ndinakhala miyezi iwiri ndikuyendera ndodo ya nsungwi.

Mai Nabanda: Ambuye. Pepani aMwale.

aMwale: Zinapita amayi. Chimene ndikufuna Bambo a Tada amve n'chakuti kaphokoso kaja sanakaikire iwo. Iwo ali mkati, akudziwa kale kuti galimoto ikuyenda. N'chifukwa chake kwa iwo n'kosokosa chabe. Mwini wake wa phokoso limenelo ndi ine, ndi agogo amene maso achita ng'ala, ndi mwana wa sukulu amene akuyenda chodumphadumpha. Ndipo si mphatso ya makampani ayi. Ku America ndi bungwe la anthu osaona, National Federation of the Blind, limene linakakamira mpaka Obama anasaina lamulo mu January 2011.

China chimene oona simuchidziwa: kulira kuja kumakwera galimoto ikamawonjezera liwiro, kumatsika ikamachepetsa. Anachita dala, kuti kazichita ngati injini. Inu mumamva kung'ung'udza, ine ndimamva kuti iyi ikunyamuka, iyi ikuima.

Madalitso K: Madala, ulemu wanu, sindikutsutsa zimene mwakumana nazo. Koma dalaivala wabwino amayang'ana. Ine ndayendetsa zaka 15 osagunda ngakhale nkhuku. Ndikaona munthu ndimaimba hutala.

aMwale: Mukamuona. Nanga amene simunamuone mumamuimbira bwanji? Komanso hutala kwa ine ndi chinthu choopsa. Imangoti phwii pafupi, sindidziwa ngati akuti ima, thawa, kapena akupatsa moni mnzawo. Ambirife hutala ikalira timangouma pamalo pomwepo, kapena kudumphira kolakwika.

Kondwani: Apa ndiye ndasiya nthabwala. Komabe Bambo a Tada ali ndi vuto lenileni, alandilodi akawathamangitsa tiwasunga kwa ndani?

Dalitso: Ikani kasiponji pa sipika ndi tepi, lichepe chabe osati kuzimiratu. Pa YouTube ambiri amatero.

Gift wa ku Biwi: Siponji pamalo pamene paja imamwa madzi a mvula ndi matope, pofika February sipika yaola. Komanso phokoso lija analiyeza kuti lizimveka pa mtunda wakutiwakuti. Mukalichepetsa ndi theka, ndiye kuti munthu azilimva galimoto itamufika kale. Kuli bwino kungovomera kuti mwazimitsa kusiyana n'kudzinamiza.

Koma bwana, ndikufunseni. Chimene chikudzutsa anthu ndi chiti, choyenda kutsogolo kapena cha rivesi?

Bambo a Tada: Cha rivesi makamaka. Chakutsogolo chija n'chapansipansi. Kungoti kuchokera pamene ndimaimika kukafika pageti ndi kambali ndithu, ndipo pali pokhota, ndiye ndimabwerera m'mbuyo mwina mphindi yathunthu, kudutsa pawindo pawo penipeni.

Gift wa ku Biwi: Ndiye bwanji osalowa cham'mbuyo madzulo? Belu lilire 6 koloko anthu akuphika, m'mawa mungotuluka chakutsogolo, masekondi khumi muli pamsewu.

Kondwani: Kkkkkkk anthu 200 pagulu, madigiri ali mbwee, nzeru yachokera ku Biwi.

Bambo a Tada: Ndachita manyazi. Chingwe chotchajira ndiye chimandichititsa, pa Leaf potchajira pali pamphuno, ndipo soketi ili kukhoma la mkati. Ndikalowa cham'mbuyo chingwe sichifika.

Gift wa ku Biwi: Musalumikize ndi ma extension a mu msika, mudzaotcha nyumba ya eni. Galimoto imakoka moto maola ambiri osapuma, waya wowonda amatentha. Itanani wa zamagetsi akukokereni soketi yakeyake pafupi ndi geti, waya wokhuthala, ndi breaker yake. Ndalama yake siisiyana kwambiri ndi imene mukanandipatsa kuti ndiwononge galimoto.

Mai Nabanda: Kapena tchajani madzulo, ikadzaza muitembenuze musanagone. Magetsi ake a ESCOM omwewa, amene amabwera nthawi imene afuna.

Dalitso: Koma inu mukundichititsa kuoneka woipa ine ndi batani langa.

Chisomo (Leeds): Batani lanu lili ndi ubwino umodzi aDalitso, limaiwala. Mukaliza galimoto mawa phokoso labwerera lokha. Anapanga dala kuti munthu azichita kusankha tsiku lililonse. Waya wozula saiwala, ndipo tsiku limene mudzagulitse galimoto, wogulayo sadzadziwa n'komwe kuti inkayenera kulira.

Dalitso: Kunena zoona ndimadina mwachizolowezi, ngati lamba. Ndikangolowa, dinu. Sindinaganizepo kuti ndikuzimitsira ndani.

Madalitso K: Ine maganizo anga sanasinthe kwenikweni. Galimoto yachete ndi imodzi mwa zabwino za magetsi, tauni yathu ili kale ndi phokoso lokwanira. Tsiku lina zikadzachuluka, Kenyatta yonse izidzangoti wiii wiii ngati udzudzu. Koma za rivesi ndavomera, kumbuyo munthu suona bwino.

aMwale: Pa Kenyatta simudzazimva achimwene, pamene paja zimathamanga kupitirira 30, kasipika kamakhala katazima kale. Muzidzazimva pa mzere wa pa roundabout basi, ndipo n'zapansi kuposa minibasi imodzi yopanda silencer. Chete ndimamufuna inenso, mwina kuposa inu, chifukwa m'chete ndi mmene ndimamva bwino. Ndikungopempha kuti chinthu cholemera tani ndi theka chisamabisale m'menemo.

Admin aPhiri: Funso lapambali kwa aGift, poti ma Aqua, ma Fit ndi ma Note e-Power adzaza m'tauni muno. Munthu angadziwe bwanji ngati yake ili nako?

Gift wa ku Biwi: Pezani malo a phee, tsitsani magalasi, zimitsani wailesi ndi fani. Dikirani injini izime yokha kuti itsale pa batire, kenako yendani pang'onopang'ono pafupi ndi khoma. Ngati kalipo mukamva kakubwerera kuchokera kukhoma. Kapena muimike munthu panja. Zambiri zakale, makamaka za 2010 isanafike, zinabwera zopanda. Zina zinali nako koma sipika inafa ndi madzi, kapena anaiwala kulumikiza atakonza bampala pambuyo pa ngozi. Zimenezo ndakumana nazo kangapo, waya ali lende. Musasokoneze ndi ka "pi pi pi" ka mkati mwa Toyota mukaika rivesi, kaja n'ka dalaivala, panja sikamveka. Kaja ndiye timatha kukasintha ndi kompyuta kuti kazilira kamodzi, palibe amene amavulala nazo.

Admin aPhiri: Ndiye kuti zaka zonsezi ndimaganiza kuti anthu akumbuyo akundimva.

Gift wa ku Biwi: Mumadzimva nokha bwana.

Bambo a Tada: Mwadzuka bwanji nonse. Ndabwera ndi lipoti. Dzulo nditaweruka ndinatchaja mpaka 9 koloko, kenako ndinaitembenuza kuti iyang'ane kugeti. Lero ndatuluka chakutsogolo, nyali ya kwa alandilodi sinayake, Tada sanadzuke. Wa zamagetsi abwera Loweruka kudzaona za soketi.

Ndinayesanso china chifukwa mawu a aMwale anandikhala pamtima. Ndinapempha mayi a Tada kuti ayendetse, ine ndinaima pasimenti nditatsinzina, nsana kugalimoto. Ya ife ndinaimva isanandifike, ndinatha kuloza ndi chala mbali imene ikuchokera. Kenako neba wathu amene ali ndi Prius yakale anati tiyese yake. Akuluakulu, ndinamva kamwala kamodzi kakuthetheka, kenako mpweya wotentha pa miyendo. Nditatsegula maso inali pafupi moti ndikanatha kukhala pa boneti. Masekondi amene ndinatsinzina aja sanakwane 20 koma thukuta linatuluka.

aMwale: Inu munali ndi mwayi wotsegula maso. Neba wanuyo muuzeni kuti tisipika toikira pa galimoto zakale tilipo, aGift angadziwe.

Gift wa ku Biwi: Cha rivesi ndi chosavuta, timalumikiza ku nyali ya rivesi, amagulitsa m'mashopu a zipangizo. Chakutsogolo chofuna kutsatira liwiro ndiye mpaka kuitanitsa. Abwere ndione.

Dalitso: Lero sindinadine. Mkazi wanga wafunsa ngati galimoto yawonongeka.

Kondwani: Nanga amayi a landilodi moni wabwerera?

Bambo a Tada: Wabwerera, koma akuti belu la 9 koloko usiku limawadula pakati pa pemphero. Ndiye lero ndiitembenuza 7.